Bwalo la ndege la ku Harare: zaka ziwiri zija zinapita kuti?

Mwana wa ku Dzivarasekwa

Abale anzanga, Loweruka ndinapita kukachingamira azakhali ochokera ku Lilongwe pa bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe. Komaliza kufikako munali mu 2019, ponseponse pali malata otchinga, fumbi ndi malole a mchenga. Ulendo uno ndinasochera, mpaka mlonda anachita kundilozera khomo lotulukira alendo. Azakhali atatuluka, kathumba ka usipa kali kukhwapa, anayang'ana kudenga n'kunena kuti, "Iii, koma chinyumba! Anamanga zaka zingati?" Ndinati zisanu. Paja Pulezidenti wa Zimbabwe, a Mnangagwa, anayambitsa ntchito yokuza bwaloli mu July 2018, tikuuzidwa kuti itha m'zaka zitatu, koma anadzatsegula mu July 2023. Azakhali amvekere, "Nanga ziwirizo amisiri anali kumaliro?" Ine kukamwa yasa. Ndalama zinalipo, ngongole ya madola 153 miliyoni yochokera ku China Exim Bank. Ndiye chinavuta n'chiyani? Ndithandizeni, azakhali sakundileka.

Wa takisi wa ku Hatfield

Achimwene, mwaiwala kale Covid? Dziko linatsekedwa pa 30 March 2020, ndege zakunja n'kudzayambiranso mu October. Ine miyezi imeneyo galimoto ndinaimika pansi pa mtengo wa mapeyala mpaka batire linafa, ndinkagulitsa tomato pageti. Tsono ngati ine ndinasowa munthu mmodzi womunyamula, magalasi ndi zitsulo zochokera ku China zikanafika bwanji? Azakhali sanalakwitse kwenikweni, kunalidi maliro.

Mmisiri wopuma, Mufakose

Mwana wanga, za matendazo n'zoona, koma ngakhale pakanapanda matenda ine zaka zitatuzo sindinazikhulupirire. Ndagwira njerwa ndi simenti zaka zambiri mu Harare muno. Kumanga patchire n'kosavuta, umangolambula n'kuyamba. Koma kuwonjezera nyumba eniake akugonamo ndi nkhani ina. Ndinawonjezerapo chipinda pa nyumba ina ku Highfield, mayi wa panyumbapo akuphika tsiku ndi tsiku. Khoma lakukhitchini ndinkaligumula pang'onopang'ono, nthawi ya nsima ikakwana ndileke, ndiphimbe ndi pulasitiki. Ntchito ya masabata awiri inadya mwezi ndi theka.

Pabwalo la ndege ndi chimodzimodzi, kungoti mphika wake sungauphule. Ndege zikutera, anthu akudinditsa mapasipoti, katundu akuyenda pa lamba, iwe uli ndi chikireni pambali. Sungakumbe paliponse, pansi pali mawaya ndi mapaipi a anzako akale. N'chifukwa chake anayamba amanga mbali yatsopano, anthu n'kusamukira kumeneko, kenako n'kubwerera kukakonza yakale.

Musaiwalenso za ndalama. Mu 2019 kunabwera ndalama yatsopano ya dziko lino yotchedwa RTGS, mu June n'kuletsa kugulira zinthu ndi madola a ku America. Mtengo wa thumba la simenti umene wauona Lolemba, pofika Lachisanu wasintha. Ngongole ili m'ndalama zakunja, inde, koma wogulitsa mchenga ndi mnyamata wa wilibala ali kuno kwathu. Bajeti yolembedwa mu 2018 ikanapirira bwanji?

Ndipo zaka zisanu musazione kuchuluka. Nyumba ya apaulendo ya pa bwalo la Joshua Mqabuko Nkomo ku Bulawayo inatha zaka zoposa khumi, anaitsegula mu 2013.

Nachisale wa ku Mbare

Ine changa n'china. Akuti kale bwaloli linkakwanitsa anthu 2.5 miliyoni pachaka, tsopano 6 miliyoni. Anthu akewo ndi ati? Ifeyo kumudzi timapita pa basi, Nyamapanda, Tete, Zobue, Mwanza, miyendo itatupa. Ngongoleyo tibweza tonse, okwera ndege ndi osakwera omwe.

Wa takisi wa ku Hatfield

Achemwali, nyumba sumangira ana amene uli nawo lero okha. Ku Victoria Falls kampani ya China Jiangsu, yomwenso yakuza la ku Harare kuno, inakuza bwalo, linatsegulidwa mu 2016, ndege zikuluzikulu zinayamba kutera. Komabe masana ena kuno timangowodzera m'galimoto, sindikana.

Mwana wa ku Dzivarasekwa

Zikomo nonse. Ndawawerengera azakhali, ya khitchini ya ku Highfield ija ndiyo yawafika pamtima. Ati ku Kamuzu International Airport a ku Japan anawakuzira bwino, koma ndisawafunse za ku Chileka, mutu ungawapweteke. Pobwerera akuti akwera basi, katundu wachuluka.