Ma event omwazika pa galafu ya TPC ndi V0M, deta ya Pb–Pb ya 2018

Wophunzira wa PhD:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikusanthula deta ya 2018 ya ALICE (chida choyezera cha pa makina ogunditsira tinthu a LHC ku CERN), ma ion a mtovu (Pb) ogundana pa mphamvu ya 5.02 TeV pa peyala iliyonse ya ma nucleon, centrality ya 30–50% (centrality imasonyeza mmene ma nyukiliyasi agundirana: 0% ndi pakatikati penipeni, 100% ndi m'mphepete). Ndikajambula chiwerengero cha ma track (njira zimene tinthu tadutsa) a mu TPC (chida chachikulu cha gasi chojambula njirazi) moyang'anizana ndi V0M (kukula kwa chizindikiro cha mu chida cha V0, chimene timayezera centrality) ndimayembekezera mzere umodzi wowonda. Mzerewo ulipo ndithu, koma pamwamba pake pamwazika ma event (kugundana kumene kwajambulidwa) okhala ndi ma track ambiri kuposa amene V0M ikusonyeza. v2 yanga (muyeso wa mmene tinthu timachulukira mbali ina kuposa ina potuluka) ikusintha ndikawachotsa. Kodi centrality ndiyo yalakwika?

Wa ku ZDC:
Achemwali, cut (sefa yochotsera ma event osafunika) ya ZDC, chida chogwira ma neutron, mwaika? Nyukiliyasi iliyonse ya mtovu ili ndi ma proton 82, ndiye ziwiri zikangodutsana pafupi, mphamvu ya magetsi yokha imathothola ma neutron popanda kugundana kwenikweni. Zoterezi zimachuluka kuposa kugundana kwenikweni maulendo oposa 20.

Wophunzira wa PhD:
Ndinaika, achimwene. Komanso zimenezo zimavutitsa cha ku 90% uko, kumene tinthu timatuluka tochepa. Ine ma event anga achulukitsa ma track.

Wa ku TPC:
Centrality isiyeni, ilibe mlandu. Imeneyo ndi pileup ya ma bunch ena, kutanthauza kuti kugundana kwa magulu ena a ma ion kwalowerera mu event yanu. V0 imamaliza kuona m'ma nanosecond ochepa. TPC ndi ngati kamera imene diso lake lakhala chotsegula: ma electron amayenda mamita 2.5 mu gasi kuti akafike pa mbale zowerengera, ulendo wa ma microsecond pafupifupi 100. Chaka chimenecho kugundana kumafika cha m'ma 8,000 pa sekondi, kutanthauza kamodzi pa ma microsecond 125 alionse. Muona nokha kuti kugundana kwina, kotsogola kapena kotsatira, kumalowa m'chithunzi chanu kawirikawiri. Kukakhala kwa m'mphepete simuzindikira n'komwe. Kukakhala kwa pakatikati, kwa tinthu masauzande, ndi ma event anu omwazikawo.

Yesani chonchi. TPC imapeza z (malo motsata mzere umene ma ion amayenda) kuchokera ku nthawi, ndipo ma electron amayenda masentimita pafupifupi 2.6 pa microsecond. Kugundana kosiyana ndi kwanu ndi ma microsecond 10 kumaoneka ngati kwasuntha masentimita 26. Jambulani DCA ya z (mtunda wa mu z umene track yaphonya malo ogundanirana) ya ma track a ma event okayikitsawo. Kenako sungani ma track okhawo amene ali ndi chizindikiro mu SPD (chida cha silikoni cha mkati kwenikweni) kapena mu TOF (chida choyeza nthawi imene tinthu tafika), poti zida zimenezi n'zachangu.

Wophunzira wa PhD:
Zoonadi! DCA ya z ili ndi michira yaitali mbali zonse. Ndi SPD kumwazikako kwatsala pang'ono kutheratu. Zikomo kwambiri. Ndiye ndingopitiriza ndi ma track amenewa?

Mphunzitsi wa ku Cape Town:
Musafulumire, mayi. Mwachotsa ma track achilendo, koma chaji yawo idakali mu TPC. Ma cluster awo (timadontho ta chaji timene timapanga track) amagona pa ma cluster a ma track anu abwino, dE/dx (mphamvu imene kanthu kamataya mu gasi) imasuntha, ndipo efficiency (gawo la ma track amene mumakwanitsa kuwapeza) imatsika. Ngati Monte Carlo yanu (deta yoyerekezera ya pa kompyuta) ilibe pileup, mukonza deta ndi nambala yosayenera.

Ine ndingakonde muchotse event yonse. Jambulani ma cluster a TPC moyang'anizana ndi a SDD ndi SSD (zida zina za silikoni zachangu kuposa TPC), mudule zonse zimene zapatuka pa mzere. Mutaya ma event ambiri, zimawawa, koma v2 imadalira kuti tinthu tonse tichokere m'kugundana kumodzi, ndipo kugundana kwachilendo kumabwera ndi mbali yakeyake imene kwapendekera.

Wa ku TPC:
Ndikugwirizana nawo aphunzitsi. Mukadula muonenso ngati ma event agawikana mofanana kuyambira 30 mpaka 50. Cut ikadya mbali imodzi kuposa ina, centrality yanu yapakati yasuntha, ndiye pafunika ma weight (manambala owongolera kagawikidweko).

Wophunzira wa PhD:
Ndamva. Ndiyendetsa pa Grid (makompyuta olumikizana osanthulira deta) katatu: popanda cut, ndi cut yofewa, ndi yolimba. Kusiyana kwa ziwiri zomalizazo ndikuika mu systematic (kukayikitsa kobwera ndi njira yosanthulira)?

Mphunzitsi wa ku Cape Town:
Eya, koma muyambe mwaona ngati kusiyanako kukuposa kugwedezeka kwa statistics. Magalafu atatuwo mubwere nawo ku msonkhano wa gulu Lachinayi, pamodzi ndi la centrality.