Thandizeni, pulogalamu yoeditira ikungojama ndikaika mavidiyo a pa foni

Akuluakulu mwaswera bwanji pa gulu pano. Ine ndili pa Dedza boma ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe, nde Loweruka lapitali ndinali ndi ukwati ku Bembeke. Za pa kamera yanga zikuyenda bwinobwino, koma nthawi ya pelekanipelekani batire linandithera nde mchemwali wake wa mkwati anandipulumutsa ndi foni yake, zomwe anajambulazo zokongola kuposa zanga kkkk koma ndi zomwezo zikundisowetsa tulo. Ndikangozikokera pa timeline (pomwe timayalira mavidiyo poedita) mawu akumapitirira chithunzi chitaima, fani kumalira ngati chigayo, kenako sikirini yayera Not Responding basi. Dzulo kanayi konse, ulendo wina ndinali ndisanaseve ntchito ya maola awiri yapita. Chodabwitsa pa VLC, pulogalamu yongoonera mavidiyo ija, zikusewera ndithu ngakhale mogwedera. Laputopu ndi core i5 4th gen RAM 8GB, pulogalamu ndachotsa ndikuikanso, mavairasi ndasaka, palibe chasintha. Ankhoswe akuimba m'mawa ndi madzulo akuti fulashi ifike achibale a ku Joni asanabwerere. Ndiwonjezere RAM kapena vuto lili pena? Zogula laputopu ina musatchule chonde, mbatata ya kachewere sindinagulitse.

Ndemanga

Membala 1: Ingofomatani windows man zitheka

Wofunsa: Muli maukwati atatu a anthu m'menemo aise, mukufuna andimange?

Membala 2: Achimwene musafomate ndipo ya RAM isungeni kaye. Tsegulani kilipu imodzi mu VLC mudine Ctrl+J muone pa codec palembedwa chani. Ndikukaikira ndi H.265, ena amati HEVC. Foni yake ndi yanji?

Wofunsa: Zoona bwana palembedwa HEVC, 3840x2160. Ndi iPhone 12

Membala 2: Nde ndi pomwepo. Codec ndi njira yomwe foni imapanira vidiyo kuti fayilo ichepe, ndipo H.265 imapana kwambiri kuposa H.264 ya kamera yanuyo. Simasunga chithunzi chilichonse chathunthu ayi, imasunga chimodzi kenako zotsatirazo imangolemba zomwe zasintha, nde poonera chabe kompyuta imangotsata mzere koma poedita inu mumadumphadumpha uku ndi uku mukudula, iyo imayenera kubwerera kumbuyo kukamanganso chithunzicho ulendo uliwonse. Ma processor a Intel anayamba kumasula HEVC mokwanira ndi chipu chake pa 6th gen, ya 10-bit pa 7th gen, yanuyo ikunyamula katundu yense pamutu. Ma iPhone anayamba zimenezi ndi iOS 11 mu 2017 ndipo kuyambira 12 amajambulanso HDR ya 10-bit (vidiyo yosunga mitundu ndi kuwala kochuluka), kuwonjezera 4K (3840x2160 ija) pamwamba. Komanso foni sijambula ndi frame rate (kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi) yokhazikika, imakwera kutsika, nchifukwa chake nthawi zina milomo ndi mawu zimasiyana.
Chitani dawunilodi HandBrake, pulogalamu yosinthira codec ya mavidiyo, ndi yaulere. Pa Video sankhani H.264, framerate ifanane ndi ya kamera yanu, muchonge Constant Framerate, mutsitse pa 1080p poti anthu akaonera pa TV ya kunyumba. Yambani ndi kilipu imodzi muone.

Membala 3: Njira yachidule mesa ndikungozitumiza pa WhatsApp, zimabwera zopepuka kale

Membala 4: Ayi mayi zimenezo kwalite imafa, nkhope ya mkwatibwi ikhala ngati ya pa chiphaso. Ine kuno ku Ntcheu ndimagwiritsa ma proxy, umaedita ndi timafayilo topepuka pomaliza pulogalamu imatenga orijino. Kungoti pa makina ngati amenewo export yake mugonapo. Kapena ndi pulogalamu ya Shutter Encoder muzipange codec ya ProRes, zimaterera bwino pa timeline koma mafayilo amafufuma zedi, ngati hard drive ndi yodzadza musayese dala.

Membala 3: Chabwino akatswiri, ine ndimangothandiza kkkk

Wofunsa: Abale zatheka!! Kilipu ya mphindi 5 yatenga pafupifupi mphindi 40 mu HandBrake koma pa timeline ikuyenda ngati madzi, ndadula ndabweza sikujama. Makilipu atsala 23 nde magetsi akhale nane usiku uno. Koma pali china, mitundu yatuwa, diresi la anamwali operekeza linali lofiira kwambiri pano likuoneka ngati lachapidwa chaka chonse

Membala 2: Ndi HDR ija. Mu HandBrake pa Filters pali Colorspace, ikani BT.709 (mitundu ya vidiyo wamba) mubwereze kilipuyo, zikakhala bwino zinazo muziike zonse pa Queue zizipanga zokha mukugona, laputopu isakhale pa bulangete. Ndipo tsiku lina munthu akamakuthandizani ndi iPhone mulowe kaye Settings, Camera, Formats musankhe Most Compatible, pa Record Video muzimitse HDR Video. Ma Samsung nawonso ali nayo high efficiency mu settings ya kamera.

Membala 5: Ine funso langa ndi la batire, mumapita ku ukwati ndi limodzi akulu?

Wofunsa: Lachiwiri ndinabwereketsa mlamu wanga mwezi wa June, tisayambe nkhani imeneyo