Relay ya ma spotlight ikutentha mpaka kusungunula soketi

Wa_ku_Bembeke:
Akuluakulu, thandizeni. Pa Hilux yonyamula kachewere kuchokera ku Bembeke kupita ku Lizulu pali ma spotlight awiri a 100W, onse pa relay (kaswichi kamagetsi kowayatsira) imodzi ya 12V 40A. Akayaka mphindi 20, relay imatentha moti sungayigwire, ndipo soketi yake yasungunuka pa mwendo 87, wotumiza moto ku ma spotlight. Fyuzi ya 30A sikupsa. Relay yatsopano ikuchitanso chimodzimodzi. Vuto lili pati?

Zamawaya_Dedza:
Achimwene, relay ilibe mlandu. Magetsi a 200W pa 12V amakoka ma amp pafupifupi 17, katundu wopepuka kwa relay ya 40A. Taonani pomwe pasungunuka: ndi pa mwendo umodzi wokha. Ndiye kuti terminal (kachitsulo ka mu soketi) yoluma mwendowo yakhwepa kapena yachita dzimbiri. Pamalo okhwepawo pakangokhala 0.05 ohm, ma amp 17 amatulutsa kutentha kwa 14W pa kachitsulo kochepa ngati chikhadabo. Fyuzi siingapse chifukwa moto wodutsa sunachuluke, ukungovutika podutsa.

Lizani injini, yatsani ma spotlight, ikani mita yoyezera magetsi pa DC volts, mugunde waya wa mwendo 30 (wochokera ku batire) ndi wa 87 kumbuyo kwa soketi. Ikapitirira 0.2V, vuto mwalipeza. Musalimbane n'kupana terminal yakaleyo ndi pulaya. Ikapsa kamodzi simagwiranso zolimba, pakapita masiku imakhwepanso ndi mabampu. Dulani soketi yonse, mudulenso waya mpaka pomwe kopa akuwala, muike ma terminal atsopano. Zopota waya ndi manja n'kukulunga tepi zija ayi.

Mayi_wa_Garaji_Ntcheu:
Anena zoona, koma waya wanu ndi wotani bambo? Pa ma amp 17 pamafunika 2.5mm² kapena kuposa, ndipo ngati akuyenda mtunda wautali, 4mm². Samalaninso ndi waya wotchipa uja wooneka ngati kopa kunja, koma mukamupala mkati mwake ndi woyera. Ameneyo ndi aluminiyamu, amatentha msanga. Ine ndikanagawa: spotlight iliyonse relay yake ndi fyuzi yake ya 15A pafupi ndi batire.

Fundi_Biriwiri:
Kufunda pang'ono si matenda. Koyilo ya mkati mwa relay, pakati pa miyendo 85 ndi 86, imawerenga 70 mpaka 100 ohms, imadya cha m'ma 2W nthawi yonse yomwe relay yagwira. Koma thupi lonse la relay likamawotcha, yezani pa batire injini ikulira: pazikhala 13.8V mpaka 14.4V. Ikadutsa 15V, regulator (kachipangizo koletsa moto kuchuluka) ya alternator yotchaja batire yafa, ndipo ikupsererezani mababu ndi batire yomwe.

Mukamva relay ikunjenjemera kuti trrr, earth (waya wopita ku bodi ya galimoto) ya pa 85 ndi yofooka. Ma contact (tizitsulo tolumikiza moto) amathetheka mkati n'kupsa. Palani bodi mpaka chitsulo chioneke, mumange ndi bawuti.

Pomangirira relay, miyendo iloze pansi, kutali ndi manifold (mapaipi otentha otulutsa utsi pa injini). Nkhungu ya ku Dedza kuno ikalowa mu soketi yoyang'ana kumwamba, madzi amakhazikika momwemo, ma terminal n'kubiriwira.