Kodi kanema wa pa foni ali ndi mphamvu yanji pa mlandu wa nkhanza za apolisi?

Nambewe

Ndithandizeni nzeru inu odziwa za malamulo ndi za makamera. Masiku ano wapolisi akangomenya munthu pagulu, ola silitha kanema ali kale ponseponse pa WhatsApp ndi pa Facebook. Koma milandu yambiri yotere imathera m'malere, apolisiwo n'kumasulidwa pamene dziko lonse linadzionera lokha. Kodi khothi limamuwerengera kanema wa pa foni ngati umboni weniweni? Nanga wojambula azitani kuti kanema wake asakakanidwe?

Chimtengo

A Nambewe, makhothi a m'maiko ambiri amamulandira, koma kulandira ndi nkhani ina, kumanga naye munthu ndi nkhani inanso. Woweruza amafuna zinthu zitatu: kuti kanemayo ndi weniweni ndipo sanasinthidwe, kuti anajambulidwa pamalo ndi pa tsiku lomwe likunenedwalo, komanso kuti amene akuoneka akumenyayo ndi yemweyu waima m'bokosi. Milandu yambiri imafera pa chachitatuchi.

Taonani milandu iwiri ya ku South Africa. Mu 2011 ku Ficksburg, Andries Tatane anamenyedwa ndi kuwomberedwa ndi zipolopolo za labala pa zionetsero, makamera a TV akujambula. Mu 2013 apolisi 7 onse anamasulidwa, chifukwa anali atavala zisoti ndipo boma linalephera kutsimikizira kuti uyu ndiye anamenya, uyu ndiye anawombera. Imfa inaoneka poyera, koma khothi siliweruza yunifomu, limaweruza munthu ndi dzina lake.

Mu 2013 momwemo ku Daveyton, Mido Macia, dalaivala wa takisi wochokera ku Mozambique, anamangiriridwa ndi unyolo kumbuyo kwa galimoto ya polisi n'kukokedwa mumsewu, kenako anapezeka atafa m'chitokosi. Nkhope zinkaoneka, galimoto inkadziwika, ndipo pamene kanema anathera, lipoti la opima mtembo linapitiriza nkhani. Mu 2015 apolisi 8 anapezeka olakwa pa mlandu wakupha, aliyense n'kupatsidwa zaka 15.

Choncho wojambula asamangoloza pamene ndodo ikugwera. Pa masekondi angapo agwireko nambala ya galimoto, nambala kapena dzina la pa yunifomu, nkhope ya amene akulamula anzake, ndi chikwangwani kapena nyumba yodziwika yosonyeza malo. Ndipo adziwe kuti mwina adzaitanidwa kukalumbira kuti anajambula ndi iyeyo. Kanema wopanda mwini, wongoyendayenda pa intaneti, loya wa apolisi savutika naye.

Kaphiri_IT

Ine ndikambeko za fayilo yeniyeniyo, poti apa ndi pomwe anthu amaonongera umboni mosadziwa.

Pojambula: foni igone cham'mbali, muigwire ndi manja awiri, zigongono zitatsamira thupi. Musadule. Kanema mmodzi wa mphindi 6 amaposa tizidutswa 6 ta mphindi imodzi imodzi, chifukwa mpata uliwonse loya adzati "apa ndi pomwe womenyedwayo anafuna kulanda mfuti". Zoom ya zala ija isiyeni, pa mafoni ambiri imangokulitsa madontho, nkhope n'kusanduka phala. Kumayambiriro tchulani tsiku, nthawi ndi malo, kenako khalani chete. Mawu a wapolisi ndi kulira kwa womenyedwayo ndi umboni, kutukwana kwanu si umboni, kumangophimba mawu ofunika. Za malo m'foni musade nkhawa kwambiri: pa 1080p mphindi imodzi imadya pakati pa 60 ndi 130 MB, malinga ndi foni.

Mukamaliza, fayilo yoyambayo musaikhudze. Musaidule, musaisinthe dzina, musaikemo mivi kapena nyimbo. Mkati mwake mumakhala metadata, yomwe imasunga tsiku, ola, mtundu wa foni, ndi malo ngati GPS inali yoyatsa. Mukatumiza pa WhatsApp mwa nthawi zonse, pulogalamuyo imafinya kanemayo kuti achepe ndipo zambiri mwa izi zimatayika. Facebook nayo imachita chimodzimodzi. Ngati palibe njira ina, tumizani ngati Document, imapita momwe ilili. Njira yabwino koposa ndi kukopera pa kompyuta ndi chingwe, n'kusunga makope awiri pamalo osiyana, limodzi kwa loya kapena munthu wina wodalirika.

Kenako pangani hash ya SHA-256. Ndi mndandanda wa zilembo ndi manambala 64 womwe kompyuta imatulutsa kuchokera pa fayiloyo, ndipo ikangosinthidwa pang'ono pokha mndandanda wonse umasintha. Pa Windows lamulo lake ndi certutil -hashfile, kenako dzina la fayilo, kenako SHA256. Lembani hash imeneyo papepala ndi tsiku lake, ndipo aliyense wolandira kope alembedwe dzina, tsiku ndi ola. Masiku ano woimbidwa mlandu amangoti "ndi za AI izo", ndiye pepala limeneli limathandiza kusonyeza kuti fayiloyo sinasinthidwe chipangireni hash. Pali mapulogalamu ochita zonsezi okha, monga eyeWitness to Atrocities, yomwe bungwe la maloya a m'maiko osiyanasiyana la International Bar Association linatulutsa mu 2015, komanso ProofMode.

Foni yomwe munajambulirayo musaigulitse kapena kuifufuta mlandu usanathe. Ndipo muitseke ndi nambala yachinsinsi osati chala kapena nkhope, chifukwa chala munthu atha kukugwirani dzanja n'kutsegula.

Mayi Nasiketi

Zonse zanenedwazi n'zoona, komabe a Nambewe musachoke pano mukuganiza kuti kanema wosamalidwa bwino ndiye kuti mlandu watha. Nthawi zambiri apolisi sakana kuti anamenya. Amati lamulo limawalola kugwiritsa ntchito mphamvu yoyenera, ndipo mkangano wonse umakhala pa mawu oti "yoyenera". Ku America, kuyambira pa chigamulo cha Graham v. Connor mu 1989, funso limakhala loti wapolisi woganiza bwino akanatani pa nthawi imeneyo, osati zomwe ife tikuona titakhala pampando.

Mlandu wa Rodney King ndiye sukulu ya nkhaniyi. Anamenyedwa ku Los Angeles mu 1991, munthu wina akujambula ali pakhonde la nyumba yake. Ma TV ambiri anadula masekondi oyamba osaoneka bwino, pomwe King akuoneka akudzuka n'kulunjika kwa wapolisi. Kukhothi maloya a apolisi anayambira pomwepo, kenako anamuyendetsa kanemayo chithunzi chimodzi chimodzi, n'kumati apa mwendo wagwedera, apa wadzutsa phewa, ndiye ndodo iliyonse inali ndi chifukwa chake. Mu 1992 palibe wapolisi anapezeka wolakwa, mzinda n'kuyaka moto. Awiri anadzamangidwa mu 1993 pa mlandu wina wa boma lalikulu la dziko lonse la America. Foni imajambula zithunzi pafupifupi 30 pa sekondi, ndiye amene waimitsa chimodzi atha kupanga nacho nkhani iliyonse. Loya wa wodandaula aziumirira kuti kanema aonetsedwe yense, pa liwiro lake, ndi mawu ake omwe.

Makamera a pachifuwa pa apolisi nawo ali ndi zofooka zake. Saonetsa mwini wake, amaonetsa winayo, ndipo pakakhala kulimbana chithunzi chimagwedera moti womangidwayo amaoneka wolusa kuposa momwe analili. Mitundu ina imasunga masekondi 30 a m'mbuyo batani lisanadinidwe, koma opanda mawu. Choipa kwambiri, kanemayo amakhala m'manja mwa apolisi omwewo. Wa Laquan McDonald, yemwe anawomberedwa ka 16 ku Chicago mu 2014, wojambulidwa ndi kamera ya pa galimoto ya polisi, anatuluka patatha chaka ndipo zinatengera lamulo la jaji.

Kumene kanema alibe mnzake ndi pogwetsa lipoti labodza. George Floyd atafa ku Minneapolis pa 25 May 2020, chikalata choyamba cha polisi chinangoti munthu wafa atadwala mwadzidzidzi, za bondo pakhosi osatchula n'komwe. Mtsikana wa zaka 17 anajambula osadula, osasuntha, ndipo anakaperekera umboni kukhothi. Ngakhale pamenepo boma linabweretsabe madokotala odzafotokoza chomwe chinamupha, Derek Chauvin, wapolisi yemwe anamupanikiza ndi bondo pakhosi, n'kupatsidwa zaka 22 ndi theka.

Nambewe

Zikomo nonse. Ndiye kumuika pa Facebook tsiku lomwelo ndi kulakwitsa?

Chimtengo

Si kulakwitsa nthawi zonse, koma kuthamanga kuli ndi mtengo wake. Kanema akatuluka apolisi asanalembe malipoti awo, amawalemba mogwirizana ndi zomwe zikuonekazo, n'kuika chifukwa chawo pa malo omwe kamera sinafike. Pa imfa ya Walter Scott ku North Charleston, ku America, mu 2015, wapolisi Michael Slager anali atanena kale kuti anawombera chifukwa Scott anamulanda Taser, chida chamagetsi chofooketsa munthu. Patatha masiku atatu kanema anatuluka, akuonetsa munthu akuwomberedwa kumsana akuthawa, ndipo Slager anamangidwa tsiku lomwelo. Pamapeto pake anapatsidwa zaka 20.

Ndondomeko yake ikhale iyi: makope asungidwe kaye, loya kapena bungwe loona za ufulu wa anthu limuone, banja la wovulalayo lifunsidwe. Wovulalayo apite kuchipatala tsiku lomwelo kuti dokotala alembe mabala, ndipo mabalawo ajambulidwe pali rula pambali, ajambulidwenso pakapita masiku awiri kapena atatu, poti mikwingwirima ina imachedwa kuoneka. Polengeza gwiritsani ntchito kope, nkhope za ana ndi za ongodutsa zitabisidwa, ndipo lituluke kudzera kwa mtolankhani kapena bungwe, osati pa tsamba la wojambula. Kumene bungwe lofufuza apolisi likungozengereza, kulengeza kumakhala njira yokhayo yowakakamiza kutsegula fayilo ya mlandu, koma ngakhale pamenepo fayilo yoyamba ya kanemayo ikhale ili kale m'manja mwa anthu awiri osakhala nyumba imodzi ndi wojambulayo.