Chingwe cha reel chikungopiringizana, thandizeni

Moni nonse akuluakulu a mbedza. Ndili kuno ku Dedza, ndipo kukangoyamba kutentha ndikufuna ndikawedze nsomba ku damu la Luwawa ku Mzimba. Ndakhala ndikuudikira ulendowu chaka chonse, koma chida chandigwetsa ulesi.

Achimwene ananditumizira ndodo yowedzera ndi reel (kachipangizo kokulungira chingwe) ya mtundu wa baitcaster kuchokera ku Johannesburg. Ndikangoponya, spool (kagudumu komwe chingwe chimakulungidwapo) imapitiriza kuzungulira nyambo itagwa kale, basi chingwe n'kupiringizana. Dzulo ndinakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa, ndikumasula mfundo ndi singano ya amayi, mapeto ake ndinadula ndi lezala.

Ndamanga kabuleki ka pambali, koma nyambo siyikufika patali. Ndayesa kugwira spool ndi chala chachikulu, ndachepetsako chingwe. Ndinafunsanso asodzi a ku Mtakataka, koma iwo anazolowera chingwe cha pamanja ndi maukonde.

Chingwe ndi cha nayiloni, 0.30 mm, nyambo ya pulasitiki ya magalamu 7. Kodi nyamboyi yapepuka kwambiri, kapena vuto ndi kaponyedwe kanga? Mphepo ya kunoyi nayo ndikuyikayikira. Alipo amene angandionetse pamaso, kuno kapena ku Ntcheu? Thiransipoti ndilipira.