Thandizeni, mwana wa achimwene akudzicheka pa mkono

Membala wobisa dzina: Admin chonde musaulule dzina. Ndikusunga mwana wamkazi wa achimwene anga, iwowo ali ku Joni ndipo chaka chino atumiza ndalama kawiri kokha, mayi ake anakwatiwanso kwina ndiye zonse ndi ine, fizi, sopo, mapadi, pomwe ineyo ndimangogulitsa kaunjika. Dzulo ndamupeza akuchapa atapinda juzi, mkono uli mabala okhaokha. Ndimadabwa kuti juzi kutentha konseku bwanji. Kumufunsa wangoti "palibe". Ndinamukalipira, sindinama, panopa sakudya nafe. Aphunzitsi ena akuti pali njira yophunzitsa atsikana otere kunena zakukhosi, ndiyambire pati? Achimwene ndiwauze? Adzangoti ndikumuzunza mwana wawo.

Kamtedza: FONI. Mulandeni foni basi. Ife takula ndi chikwapu ndipo palibe anadzichekapo, izi ndi za pa TikTok.

Nangozo: Mayi pitani naye kumapemphero, izi ndi ziwanda. Wanga ankalira usiku uliwonse chaka chathunthu, tinagulitsa mpaka mbuzi.

Nesi Wapamudzi: Achemwali yankhani izi kaye. Ali ndi zaka zingati? Mabalawo ndi atsopano? Ananenapo zofuna kufa? Mufunseni mosazungulira, kufunsa sikumupatsa maganizo oipa ayi. Ngati wavomera kapena bala ndi lakuya, kuchipatala lero lomwe.

Kamtedza: Mwayamba kuwanyengerera. Ndi chifukwa chake ana a masiku ano ali ngati mazira.

Che Jafali: A Kamtedza chikwapu chinakuchizani nanga bwanji mumakuwa pa positi iliyonse 😂

Kamtedza: Iwe ndine msinkhu wa bambo ako.

Nesi Wapamudzi: Zomwe ananena aphunzitsiwo ndi mentalizing, kutanthauza kuphunzira kumvetsa maganizo ako ndi a anzako, chithandizo chake anayambitsa Peter Fonagy ndi Anthony Bateman ku London, ndipo mu 2012 kafukufuku anaonetsa kuti imathandiza achinyamata odzivulaza. Mtsikana akapsa mtima kapena akachita manyazi, mutu umaima, amangotsimikiza kuti "azakhali amadana nane", ululu wa mumtima n'kuutulutsira pathupi. Ndiye mumamuphunzitsa kuima kaye n'kudzifunsa, ndikumva chani, nanga winayo mwina amaganiza chani. Koma muyambe ndinu. Osati "ndikudziwa ukufuna kundichititsa manyazi", koma "dzulo ndinakalipa chifukwa cha mantha, pepa, iwe unamva bwanji?" Mukaphonya akukonzeni, osalimbana naye.

Nangozo: Kupepesa mwana?? Dziko latha.

Mayi a Tadala: Ine ndinkachita zomwezi ndili Fomu 2, amene anandithandiza ndi agogo, tinkangokhala pamkeka kutongola chimanga iwo osandiyang'ana m'maso, mawu ankangotuluka okha. Osamuitanira msonkhano wa banja chonde, ine anandipanga zimenezo pamaso pa amalume onse ndipo ndinangosintha malo, n'kumabisa.

Kamtedza: Mwamva? Agogo, osati azungu anu a ku London. Ndanena kale ine, foni ndi anyamata.

Mayi a Tadala: Agogo anga sanandimenyepo bambo, musanditenge mboni.

Mphunzitsi Wakumudzi: Imbani 116 ndi yaulere, ya ana, amayendetsa a YONECO. Kulinso Saint John of God, chipatala cha mavuto a m'maganizo, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ndipo fufuzani ngati wina sakumuchita zachipongwe, pakhomo kapena kusukulu.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Foni alibe, amabwereka yanga, anandithera bandulo sabata yatha yomweyi. Achimwene ndawaimbira sakuyankha koma pa WhatsApp ali online, akuika zithunzi za braai.

Nesi Wapamudzi: Achemwali za braai zisiyeni kaye, mwanayo mwamufunsa?

Kamtedza: Ndiye ndi foni yanuyo. Ikani password.