Mwana wa mlongo wanga akufuna unamwino, koleji yake ikhale iti?

Malume a ku Balaka

Moni nonse. Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Balaka, ndipo za chipatala ndimazidziwa ngati wodwala basi, choncho mundipirire ngati mafunso anga ali achibwana.

Mwana wa mlongo wanga wakhoza MSCE ndi mapointi 19. Biology ndi Chemistry zinayenda bwino, English ali ndi credit, Masamu ndiye anachita kupulumukira pa credit yakumapeto. Anafunsira malo ku KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences) ndi ku Mzuni kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, koma dzina silinatuluke. Bambo ake anatisiya iye ali Sitandade 5, ndiye mukudziwa kale kuti katundu wotere amagwera malume.

Za unamwino sanayambe lero. Agogo ake atagonekedwa ndi matenda a shuga, gadiyani anali iyeyo. Ankagona pansi m'mbali mwa bedi, kuwasambitsa, kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda, kuchapa nsalu zimene ife akuluakulu tinkayang'ana kumbali tikaziona. Anabwerako akunena kuti ntchito yake waipeza.

Tsono malangizo achuluka. Ena akuti tifunsire ku makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, akachite za NMT, ena akuti ku Malawi College of Health Sciences. Mnzanga wa kuntchito akuti abwereze Fomu 4, atsitse mapointi, adzalowe digiri. Palinso koleji ina ya m'tauni imene yadzaza pa Facebook ndi zithunzi za atsikana ovala yunifomu yoyera. Iwo akuti intaviyu palibe, ukalipira theka la fizi Lolemba lake uli m'kalasi, zaka ziwiri wamaliza. Mtima wa mwanayu uli kumeneko chifukwa anzake ali kale komweko.

Ndalama yake ndi ngongole imene ndikatenge ku SACCO, kuphatikiza nandolo ndi mbuzi za mlongo wanga. Ikapita pachabe ina sidzapezekanso. NMT n'chiyani kwenikweni, ndipo imasiyana pati ndi digiri? Nanga inu odziwa mumayang'ana chiyani posankha koleji?

Nesi wa pa health centre

Malume, ndiyambe ndi koleji ya pa Facebookyo. Musanapereke ngakhale tambala, funsani ku Nurses and Midwives Council of Malawi ku Lilongwe ngati amaidziwa, ndipo mutchule dzina lenileni la kosi imene akuphunzitsayo. Koleji itha kukhala ndi mapepala ake abwinobwino koma kosi ya unamwinoyo isanavomerezedwe. Muonenso mndandanda wa NCHE.

Ndikutero chifukwa dipuloma ya koleji payokha sipanga munthu kukhala namwino. Wophunzira akangoyamba sukulu, koleji imamulembetsa ku Council. Akamaliza amalemba mayeso a Council, akakhoza ndiye amalowa m'kaundula n'kupatsidwa chiphaso chogwirira ntchito. Ngati kosi ili yosavomerezeka, ku mayeso amenewo safikako n'komwe. Ndipo zaka ziwirizo zandidabwitsa, pakuti NMT ndi zaka zitatu. Mwina akuphunzitsa za kusamalira odwala ndi okalamba pakhomo. Imeneyo ndi ntchito yolemekezeka ndithu, koma si unamwino, ndipo pamene boma likulemba anamwino pepala limenelo saliwerenga.

NMT ndi Nurse Midwife Technician. Ineyo ndine mmodzi wa iwo. Umaphunzira unamwino ndi uzamba pamodzi, umatuluka ndi dipuloma. Wa digiri amakhala zaka zinayi, amatuluka Registered Nurse Midwife, ndipo m'boma amayambira pa giredi yapamwamba kuposa ife. Malipiro ake ndi okwererapo, ndipo udindo woyang'anira wodi kapena kuphunzitsa ena amaufikira msanga. Izi mwana azidziwe asanalowe kuti asadzawawidwe mtima akadzaona mnzake wa m'kalasi limodzi la sekondale akumulembera rositala.

Koma ntchito ya manja m'midzimu ili pa ife. Ndikuuzeni mmene naiti imakhalira kuno. Mayi amafika pa njinga ya kabaza cha m'ma 1 koloko, apongozi ake akuthamanga pambuyo ndi beseni, zitenje ndi pepala lapulasitiki. Magetsi azima. Foni ndaiika m'thumba la pachifuwa kuti tochi iunikire kutsogolo, manja onse awiri ali pa ntchito. Mwana wabadwa, walira, ndabaya mayiyo oxytocin, mankhwala olimbitsa chiberekero, koma magazi sakuleka. Dokotala palibe, ambulansi ili kuboma. Pamenepo suganiza za notsi ayi. Dzanja limapita lokha pamimba kukatikita chiberekero kuti chilimbe, pakamwa ukuitana wothandizira kuti abweretse drip ndi kanyula yaikulu, maso akufufuza ngati pang'ambika kapena nsengwa yatsalira. Dzanja limeneli limaphunzitsidwa ku sukulu, pa amayi enieni, mphunzitsi ataima pambali pako.

Ndiye funso langa loyamba pa koleji iliyonse limakhala lakuti ophunzira ake amagwirira kuti mapulakitiko. Apa ndi pamene makoleji a mishoni ali ndi mwayi, chifukwa chipatala chili pakhomo pomwepo. Kufupi ndi inu kuli St Luke's ku Malosa, ya Anglican, pa msewu wa Liwonde kupita ku Zomba. Ku Zomba komweko kuli nthambi ya Malawi College of Health Sciences, imene ili ya boma. Mukatsikira kummwera kuli St Joseph's ku Nguludi, Holy Family ku Phalombe ndi Trinity ku Fatima m'boma la Nsanje, zonsezi za Akatolika, komanso Mulanje Mission ya CCAP ndi Malamulo ya Adventist ku Thyolo. Pakati pano kuli Nkhoma, kumpoto kuli Ekwendeni ndi St John's ya ku Mzuzu. Musafunsire malo amodzi okha, ofunsira amachuluka kwambiri. Koma muganizirenso thiransipoti ya pa holide, komanso thupi la mwanayo. Wa ku Balaka kutentha kwa ku Nsanje sangakudabwe, koma June wa ku Mzuzu adzalira.

Bambo a Tadala

Ine ndingoti musamunamize mwana kuti akamaliza ntchito ikumudikira. Mkazi wanga ndi NMT, mayeso a Council anakhoza ulendo woyamba, koma anakhala pakhomo nthawi yaitali akugulitsa kaunjika uku akudikira kuti boma lilengeze zolemba anthu. Tsiku la intaviyu anthu anali ngati msika. Chinatisunga ndi maganyu a pa kiliniki ina ya pulaiveti, kenaka kontirakiti ya bungwe. M'zipatala anamwino akuperewera, panja anamwino ali mbwee opanda ntchito, zonse ziwiri n'zoona. Kukhala ine, mwana wa mapointi 19 ndikanamubwereza Fomu 4 kuti adzapite ku KUHeS. Ngati n'kudikira ntchito, bola kudikira uli ndi digiri.

Mayi Tutor opuma

Bambo a Tadala, za ntchitozo mwanena zoona, koma pa zobwereza sindikugwirizana nanu. Malo a unamwino ku KUHeS ndi ku Mzuni ndi ochepa, olimbirana ake ndi ana a mapointi otsika zedi. Mwana atha kubwereza, kutsitsa mapointi atatu kapena anayi, n'kusiyidwanso, chaka ndi fizi zitapita. Ndipo mtsikana wongokhala pamudzi akudikira mayina, inu abambo mukudziwa zimene zimatsatira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Akapeza malo a NMT pa koleji yovomerezeka alowe. Njira yokwezera maphunziro ilipo. Ndili ndi ana anga ambiri amene anayamba ngati NMT, anagwira ntchito zaka zingapo, anabwerera ku sukulu, lero ndi ma Registered Nurse, ena akuphunzitsa. Si njira yofewa, pena umadzilipirira wekha uli ndi banja kale, koma anthu akudutsamo.

Malume, ndaphunzitsa anamwino mpaka kupuma, ndiye ndikupemphani chinthu chimodzi: pitani nokha mukaone ndi maso, mwanayo mumutenge. Musakathere mu ofesi ya akuluakulu, mmene muli makatani ndi mipando yabwino. Pemphani akuonetseni skills lab. Muyenera kupezamo mabedi, zidole zophunzirira kubaya ndi kuika drip, chidole cha mayi wochira, ndi kachidole ka khanda kophunzirira kupumitsa mwana amene wabadwa osalira. Mukaone ngati zidolezo zikuoneka kuti zimagwiridwa. Zikakhala zonyezimira m'makatoni, ndiye kuti n'zoonetsa alendo.

Mukatuluka mmenemo, imitsani wophunzira wa chaka chachitatu panjira, aphunzitsi ake kulibe. Mufunseni kuti mu leba wodi amalowa angati nthawi imodzi, ndipo buku lake la mapulakitiko ladzaza bwanji. Wophunzira uzamba ali ndi chiwerengero cha amayi amene ayenera kuchiritsa ndi manja ake, namwino woyang'anira n'kusainira, asanaloledwe kumaliza. Pamene ophunzira achuluka kuposa odwala, ana amakanganirana mayi mmodzi, ena amangoima kumapazi kuonerera, mapeto ake kupempha siginecha ya ntchito imene sanagwire. Amenewo ndi amene amadzanjenjemera pa naiti imene a Nesi afotokozayo. Mufunsenso ngati aphunzitsi amawatsatira ku wodi kapena amangowatula pageti. Za mmene ana awo anakhozera mayeso a Council chaka chatha, funsani mu ofesi. Koleji imene ikuchita bwino siibisa zimenezo.

Tsopano ndalama. Achikulire ena adzakuuzani kuti sukulu ya unamwino ndi yaulere. Akukumbukira nthawi ya pulogalamu imene boma linayambitsa mu 2004 mothandizidwa ndi mabungwe akunja a DFID ndi Global Fund pofuna kuchulukitsa ogwira ntchito zachipatala, pamene ophunzira a m'makoleji a CHAM ankalipiriridwa. Inu musawerengere zimenezo. Werengerani kuti mulipira, thandizo likabwera likhale mwayi. Ndipo fizi yolembedwa pa kalata si yonse. Pali yunifomu, nsapato zotseka, wotchi ya pachifuwa, stethoscope, thermometer, ndalama yolembetsera ku Council ndi ya mayeso ake. Chimene chimapweteka makolo ambiri ndi nthawi imene ana amatumizidwa kutali, monga ku Zomba Mental Hospital kukaphunzira za matenda a maganizo, kapena ku chipatala chachikulu ngati Queens kapena Kamuzu Central. Funsani kuti pa masabata amenewo malo ogona, chakudya ndi thiransipoti amalipira ndani. Muwauze alembe.

Popeza mwanayu bambo ake anamwalira, funsani za bungwe la GAIA, limene lakhala likulipirira atsikana ovutika sukulu ya unamwino, iwo n'kulonjeza kudzagwira ntchito m'zipatala za m'dziko muno akamaliza. Funsaninso ku koleji ngati ophunzira awo amalandira ngongole ya ku Loans Board, bungwe la boma lobwereketsa ophunzira ndalama za sukulu.

Malamulo a mpingo muwafunsenso. Ku Malamulo, mwachitsanzo, Sabata limasungidwa kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa. Ena zimawakomera, ena zimawapanikiza.

Ndipo wina akakuimbirani kuti ali ndi mnzake mkati, mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba pa nambala yake kuti dzina lituluke, dulani foni. Makoleji enieni amalengeza m'nyuzipepala ndi pa masamba awo, ndalama imapita ku akaunti ya kubanki ya koleji, ndipo lisiti limatsala m'manja mwanu.

Achemwali a ku Leeds

Ndiwonjezere kamodzi, chifukwa atsikana ambiri masiku ano akulowa unamwino maso ali kunja. Kuti ugwire ntchito ngati namwino kuno ku UK uyenera kulembetsa ku NMC, Council ya anamwino ya kuno, ndipo iwo amafuna munthu amene ali registered nurse kwawo. Pamwamba pake pali mayeso a Chingerezi, IELTS kapena OET, kenaka mayeso a unamwino, a pa kompyuta (CBT) ndi a ntchito ya manja (OSCE). Anzanga amene anabwera ndi dipuloma ya NMT ndimakumana nawo akugwira ntchito ya care m'nyumba zosungira okalamba. Komanso Malawi ali pa mndandanda wa mayiko amene UK saloledwa kukakopako ogwira ntchito zachipatala, choncho ejenti wokuuzani kuti akutenga anamwino ku Lilongwe pagulu mumukayikire. Mumufunse mwanayo mofatsa chimene akufuna. Ngati ndi kunja, NMT ikhale poyambira chabe, adziwiretu kuti sukulu idzapitirira.

Malume a ku Balaka

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu Mayi ndi a Nesi. Dzulo ndinaimbira koleji ya m'tauni ija kupempha kalata yosonyeza kuti Council inavomereza kosi yawo. Anayamba ndi kundiuza za Wi-Fi ndi basi ya sukulu. Nditabwereza funso anati mapepala ali mkati mokonzedwa, adzakhala atatuluka ana asanamalize. Ndinathokoza n'kudula. Mwanayu sanadye nsima usiku, akuti malume ndine wovuta, anzake afika kale pa kuyeza BP. Amayi ake ndiwo akumunyengerera.

Za kunja ndamufunsa, akuti iye akufuna leba wodi, ndege alibe nayo ntchito. Tigwirizana kuti mwezi ukatha tikwere minibasi ya ku Zomba, titsike pa Malosa, kenaka tikaonenso ku Health Sciences. Funso latsala ndi la Masamu aja. Credit yakumapetoyo ingamugwetse?

Nesi wa pa health centre

Credit ndi credit malume, afunsire. Chongofunika muwerenge bwino chidziwitso cha chaka chino cha koleji iliyonse, chifukwa maphunziro amene amayang'ana ndi English, Masamu, Biology ndi Physics kapena Chemistry, koma kaphatikizidwe kake kamasiyana. Kope la satifiketi kapena notification ya MANEB likhale lokonzeka, loyambirira alisunge kuti adzapite nalo akadzaitanidwa.

Masamuwo asawataye podikira. Ayambe kubwereza ma fraction, ma decimal ndi kusintha magalamu kupita ku mamiligalamu. Chaka choyamba chomwe adzakumana ndi kuwerengera mlingo wa mankhwala a mwana potengera kulemera kwake, ndi madontho a drip pa mphindi. Inu ndinu mphunzitsi, mukhale naye pansi madzulo ndi buku la Sitandade 8.